Ndinkagwa Ndikatsinzina Popemphera

Abale ndi alongo, ine ndinali munthu wa kachasu. Kwathu kwa Mavwere ndikagulitsa fodya, njira ya kunyumba ndinkaiiwala. Ndinkalowera kumalire a dziko, kumene kunali mowa ndi akazi.

Tsiku lina kachilonda kosapweteka kanatuluka kumaliseche. Ndinagula makapisozi pamsika, n'kutsegula limodzi, n'kuthira ufa wake pachilondapo monga ankachitira anzanga. Kanapola. Ndinadzitama kuti ndine dokotala.

Zaka zinapita. Ambuye anandigwira, mowa ndinausiya, ndinamanga banja mumpingo.

Kenako miyendo inayamba kundikana. Ndinkayenda dzandidzandi, pansi osapamva. Tikaimirira kupemphera, ndikangotsinzina, khu! pabenchi. Akulu a mpingo anati ndabwerera ku mowa, ndipo anandiimitsa ku mgonero. Sindiwaimba mlandu, mbiri yanga ankaidziwa. Ndinalumbira, ndinalira, koma akanandikhulupirira ndani? Zimenezi zinandipweteka kuposa miyendo.

Mukwaya yathu munali Mayi Nyirenda, namwino wochokera kumpoto. Anandipeza panja pa tchalitchi. "Bambo, fungo la mowa ine sindikulimva," anatero. "Koma ndaona kuti mumagwa mukangotsinzina. Mubwere kuchipatala tikayeze magazi, ndipo mubwere ndi mayi akunyumba."

Tinapita, ndipo anandipeza ndi chindoko. Adokotala anandiuza kuti kachilonda ngati kanga kaja kamapola kokha, ngakhale osathirapo kanthu. Koma matendawo amabisala m'thupi zaka zambiri, kenako n'kukagwira mitsempha, ubongo, mtima, ngakhale maso. Ine kukamwa yasa! Kanthu kochepa ngati nyemba kanandidikirira nthawi yonseyo. Ndinagwidwa ndi mantha aakulu, poganiza kuti Mulungu ankaona zonsezi mkati mwanga, koma anandisungabe.

Anandigoneka m'chipatala, n'kumandipatsa penisilini pa diripi. Mkazi wanga naye anapezeka nacho, chonsecho sankamva paliponse kupweteka. Anabayidwa majakisoni, anachira. Kumuyang'ana m'maso kunandivuta, koma iye ndiye ankandisambitsa.

Adokotala sanandinamize. Anati zimene zinawonongeka sizibwerera zonse. Ndimayendabe ndi ndodo, koma matenda anaima.

Akulu a mpingo anabwera kunyumba kudzapepesa. Lamulungu la mgonero ndinalandira chikho misozi ili chuchuchu. Sindinayembekeze kuti ndidzachigwiranso.

Tsono ndikukupemphani, abale anga. Kachilonda kakapola, musanene kuti mwachira. Kayezetseni msanga pamodzi ndi akunyumba kwanu, mankhwala alipo. Amayi oyembekezera, musathawe kuyezetsa kusikelo, chifukwa matendawa amafika ndi kwa mwana m'mimba. Khulupirikani m'banja, ndipo kondomu musaiyese chinthu chamanyazi.

Alemekezeke Yesu amene sananditaye! Ngati wina muno akuopa kupita yekha, andipeze tikatuluka. Ndimayenda pang'onopang'ono, koma ndikamufikitsa.