Kanjira ka Njinga ku Liwonde ndi Ulendo wa Che Kassim

Mwadzuka bwanji omvera athu a ku Machinga, Balaka ndi madera ozungulira. Lero ndi Lachisanu pa 3 Okutobala, ndipo nachi chilengezo choyamba.

Gulu la akabaza la Tiyende Tonse ku Liwonde likudziwitsa akabaza onse, a njinga zakapalasa ndi a njinga zamoto, komanso oyendetsa galimoto, kuti kuyambira Lolemba pa 6 Okutobala padzakhala kanjira ka njinga zokhazokha m'mbali mwa msewu wochokera kudepoti kukafika kumsika. Akuluakulu oona za misewu alola kuti kanjirako kayesedwe kwa masabata atatu okha. Malire ake adzakhala mzere wa laimu ndi matayala akale opaka penti yoyera. Minibasi isadzaime mkati mwa mzerewo, ndipo ogulitsa malonda akupemphedwa kusunthira mabenchi awo kumbuyo. Gululi likuti pa msewu umenewu lataya anzawo atatu m'zaka ziwiri. Womaliza anali malemu Hamza Kassim, amene lole inamugunda chaka chatha atanyamula thumba la mpunga. Amene ali ndi tayala lotha ntchito abwere nalo kudepoti mawa. Chilengezochi chachokera kwa wapampando wa gululi, bambo Hamadi Kassim, mkulu wake wa malemuyo.

*

Lero ndi Lachitatu pa 8 Okutobala.

Amayi ogulitsa matimati, anyezi ndi nsomba zouma m'mbali mwa msewu wa kumsika ku Liwonde akuitanidwa kumsonkhano mawa masana, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa chigayo. Oitanawo akuti chiyambire Lolemba mabenchi awo agwera m'ngalande, minibasi sizikuimanso pomwe zinkaima, ndipo anthu omwe ankagula kudzera pawindo akungodutsa. Matimati akuwolera m'madengu. Akuti sakudana ndi akabaza, koma palibe amene anawafunsa. Wapampando wawo watipempha kuti tiwerenge mawu awa monga analembedwera: "Amene analemba mzerewo tinayamwa bere limodzi, koma sanabwere kudzandiuza pamaso. Hamza anali mlongo wanganso. Ana anga anayi akudya za pabenchi imeneyi, ndipo ine sindisuntha iyayi." Chilengezochi chachokera kwa mayi Sakina Kassim, omwe ambiri amawadziwa kuti Abiti Kassim.

*

Lero ndi Loweruka pa 11 Okutobala.

Gulu la Tiyende Tonse likudziwitsa anthu a ku Liwonde kuti matayala asanu ndi limodzi a pa kanjira ka njinga asowa. Gululi silikuloza munthu chala. Amene anawatenga, kaya ndi opangira nsapato kaya ndi opsinjira denga, angowabwezera pamalo pake, sadzafunsidwa kanthu. Likudziwitsanso kuti sabata yonseyi palibe wakabaza amene wagundidwa kapena kukankhidwira kutchire, ndipo ana asukulu ayamba kudutsa momwemo. Pali benchi imodzi yokha yomwe idakali mkati mwa mzere, moti akabaza akafika pamenepo akumakhotera mumsewu waukulu. Mwini benchiyo akupemphedwa mwaulemu kuti aziyankha foni. Chilengezochi chachokera kwa bambo Hamadi Kassim.

*

Lero ndi Lachiwiri pa 14 Okutobala. Omvera athu, tcherani khutu, ichi ndi cha munthu wosowa.

Mayi Rashida Kassim a m'mudzi mwa Chikwenga, m'dera la Ngokwe, akudziwitsa abale ndi abwenzi kuti amuna awo, Che Kassim Ayub, a zaka 74, asowa. Anachoka pakhomo Lamulungu atangomaliza mapemphero a m'bandakucha, osatsanzika. Ndi aatali, ochepa thupi, a ndevu zoyera, ndipo avala mkanjo wotuwa ndi chisoti choyera. Atenga njinga yakuda ya mwana wawo, malemu Hamza, yomwe inakhala yokolekedwa kudenga chichitikire maliro. Mayiwa akuti sabata yatha yonse bambowa ankaiwongola njingayo pakhonde, wailesi ili pambali, koma atawafunsa anangoti akuichotsa dzimbiri. Mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi awasiya pawindo. Khutu lawo la kumanja silimva, choncho galimoto yobwera kumbuyo saimva msanga. Amene angawaone awaimitse mwaulemu, awapatse madzi, ndipo aimbe foni kuno ku wailesi. Kwa ana awo awiri omwe ali ku Liwonde, Sakina ndi Hamadi, mayiwa akuti: "Nonse mwamveka, dziko lonse lakumvani. Tsopano kafuneni bambo anu." Chilengezochi chachokera kwa mayi Rashida Kassim.

*

Lero ndi Lachitatu pa 15 Okutobala, ndipo tiyambe ndi nkhani yoziziritsa mtima.

Bambo Clever Pitala, wakabaza wa pa Ntaja, akudziwitsa mayi Rashida Kassim a ku Ngokwe ndi ana awo kuti Che Kassim apezeka, ali moyo ndipo ali bwino. Anawapeza dzulo masana atakhala pamthunzi, tcheni cha njinga chitaduka. Akuti masiku awiri apitawo anagona kwa anthu achifundo m'njira. Bambo Pitala anawatengera kunyumba kwawo, anawapatsa madzi osamba ndi chakudya, ndipo mankhwala awapezera. Miyendo yokha ndiyo yatupa pang'ono. Atawauza kuti awakweze minibasi yobwerera kumudzi, mkuluyo anakana. Anati: "Mwanangu, ine sindinasochere iyayi. Ndamva kuti ku Liwonde alemba njira yomwe mwana wanga akanadutsamo n'kufika kunyumba. Ndikufuna ndikaione, ndipo ndikaiona ndili pa njinga yakeyi." Choncho lero apumula. Mawa m'mawa anyamuka, ndipo akabaza anayi a pa Ntaja awaperekeza, awiri kutsogolo, awiri kumbuyo. Achibale akawadikire kudepoti ya Liwonde chakumasana. Chilengezochi chachokera kwa bambo Clever Pitala.

*

Lero ndi Loweruka pa 18 Okutobala.

Mayi Rashida Kassim, omwe pakadali pano ali ku Liwonde kwa mwana wawo, akuthokoza bambo Clever Pitala, akabaza a pa Ntaja, ndi onse omwe anasunga amuna awo m'njira osawadziwa. Akuti mayina anu sakuwadziwa onse, koma Mulungu akuwadziwa. Kwa abale a ku Ngokwe omwe akhala akufunsa, nazi zomwe zinachitika Lachinayi.

Che Kassim anafika kudepoti dzuwa litapendeka. Hamadi anathamangira kuti awalandire njinga, koma iwo anamukaniza ndi dzanja n'kulowa mu kanjira kaja, akupalasa pang'onopang'ono. Akabaza onse anatsika n'kuwatsatira akukankha njinga zawo. Atayandikira kumsika anapeza benchi ya Sakina ili pakati pa njira. Kuti adutse anayenera kukhotera mumsewu, ndipo nthawi yomweyo kunkabwera lole ya simenti. Sakina anaimirira, anagwira benchiyo yekha n'kuikokera kumbuyo, matimati akugubuduka pansi.

Koma bambo ake sanadutse. Anatsika n'kufunsa kuti, "Ndi pano?"

Sakina anati, "Ndi pompano, ababa. Ndinali nditakhala apa. Ndinamuona Hamza akugundidwa."

Mkuluyo anakhala pansi, pafumbi pomwepo, n'kutambasula manja. Onse omwe analipo, Asilamu ndi Akhristu omwe, anadikira mpaka mkuluyo anamaliza duwa, pemphero lopempherera malemuyo. Kenako anaitana Hamadi n'kumulozera ngalande yomwe benchi ija inatsamira.

"Iwe, ungakhale m'menemo kuyambira m'mawa mpaka madzulo?"

Hamadi anati, "Iyayi, ababa."

"Nanga achemwali akowa unkati akhale pati?"

Mayi Rashida akuti Hamadi anawerama n'kuyamba kutola matimati. Iwo ndi amuna awo abwerera kumudzi Lolemba, pa minibasi. Chilengezochi chachokera kwa mayi Rashida Kassim.

*

Lero ndi Lachisanu pa 24 Okutobala.

Akabaza a gulu la Tiyende Tonse pamodzi ndi amayi ogulitsa malonda m'mbali mwa msewu wa kumsika ku Liwonde akudziwitsa anthu onse kuti masabata atatu oyesera kanjira ka njinga atha Lamulungu likubwerali. Lolemba m'mawa matayala adzachotsedwa, monga momwe anagwirizanirana ndi akuluakulu oona za misewu. M'sabata yomalizayi akabaza anayala matabwa pamwamba pa ngalande kuti mabenchi aime bwino, ndipo anasiya mpata umodzi woti minibasi ziziima pafupi ndi amayiwo. Akuti si zonse zomwe zalongosoka. Amayi asanu ndi atatu sanapezebe malo, ndipo ena a njinga zamoto akuthamanga mu kanjirako ngati ndi kawo okha. Ngati kanjirako kadzabwerere kapena ayi, palibe amene akudziwa. Nkhaniyi ikakambidwa mawa Loweruka, naini koloko m'mawa, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa chigayo, ndipo akuluakuluwo alonjeza kubwera. Wakabaza, wogulitsa, woyendetsa minibasi, woyenda pansi, aliyense abwere adzayankhule yekha. Amayi ndi omwe adzayambe.

Chilengezochi chachokera kwa mayi Sakina Kassim ndi bambo Hamadi Kassim. Sanatumize munthu iyayi. Abwera nacho okha kuno ku wailesi m'mawa uno pa njinga imodzi, achimwene akupalasa, achemwali ali pakaliyala, akukanganabe za yemwe dzina lake liyambe kuwerengedwa.