Chidendene pa Chingwe cha M'malire

Makolo ndi achinyamata a kuno ku Toronto, tcherani khutu, pakuti nkhaniyi ikukhudza mbiri ya makomo athu.

Mdzukulu wanga anali pa mayeso m'timu ya kiriketi ya mzinda wathu. Pa masewero a ku Brampton, mpira wotsiriza unauluka, iye nauwakha m'malire mwenimweni mwa bwalo. Tonse tinafuula kuti tapambana. Koma iye anauza woyimbira kuti chidendene chake chinaponda chingwe cha m'malire, ngakhale kuti panalibe amene anaona. Pa kiriketi, ukawakha mpira utaponda chingwecho, mapointi amapita kwa omenya mpira. Motero chipambano chinapita kwa timu inayo.

Potuluka anati, "Agogo, ndaluzitsa timu. Mwina andichotsa."

Ndinati, "Akuchotse, mwanawe." Pamenepo ine, ndi imvi zangazi, ndinamuvulira chipewa pamaso pa khamu lonse.

Achinyamata inu, mukaponda chingwe, nenani nokha.