Mbande za M'beseni

Pasiteji ya Linthipe, m'mawa wozizira wa mu Julayi, mayi wovala zakuda ankadikira minibasi atafukata beseni la mbande za tomato. Bambo wina wachikulire anasuzumiramo.

"Amayi, chisanu chonsechi, zamera bwanji zimenezi?"

"Ndinafesera m'nyumba, bambo, pafupi ndi zenera. Dzuwa likatuluka ndimaziika pakhonde, madzulo ndimazilowetsa."

"Zakwana kuwokera. Dimba lanu lili kuti?"

"Dimba atenga alamu anga. Amuna anga tinawaika mwezi watha, ndiye ndikubwerera kwathu ku Mphunzi."

"Pepani kwambiri. Koma mbandezi anakusiyirani?"

"Ankazifunanso. Ndinawauza kuti za kudimba atenge zonse, koma izi zinamerera kuchipinda kwanga."

Bamboyo anasuzumiranso m'besenimo.

"Mukakwera, musakhale pafupi ndi injini, amayi. Zingafote musanafike."