Simenti Sithiridwa Pakhomo Pano

Zaka makumi atatu zapitazo, pamene ine ndi agogo anu aakazi tinkalandira makiyi a nyumba ino, mumsewu uno wa ku Barking, m'dziko lino la azungu, munalibe munthu wakuda wina koma ife, ndipo khomo lililonse linali ndi kapinga wometedwa bwino. Iwe Yamikani mwana wanga, khala pansi, nkhani yako ija yofuna kuthira simenti pakhomo pano ndiyankha lero. Adzukulu inu, ngakhale mumandiyankha m'Chingerezi, ndikudziwa kuti mukumva.

Ine ndinakulira pafamu ku Zimbabwe, makolo anga ochokera ku Dedza, ndipo kwathu khomo laudzu ndi la munthu waulesi, mobisala njoka. Ndiye Loweruka loyamba, nditaweruka kuntchito yanga yoyendetsa basi, ndinatenga khasu n'kupala kapinga yense mpaka dothi kuonekera, agogo anu akusesa pambuyo, tonse tikunyadira. Pakona panali kachitsamba kaminga, ndipo ndinakatema kamodzi kokha.

Pomwepo anatuluka mayi Doreen, mzungu wachikulire wa nyumba yoyandikana nafe, n'kuima pampanda misozi ili mbwembwembwe. Ndinachita manyazi osadziwa chimene ndalakwa. Anandiuza kuti nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, nyumba yawo ya kufupi ndi madoko itaphwanyidwa ndi mabomba, iwo ndi achemwali awo anasamutsidwira kuno, kudakali minda ya kabichi ndi matope, basi kulibe, sitolo kutali. Anaona nyumba zikumera mzere ndi mzere, kenako sukulu, kenako nyumba zosanja zija mumaziona muli m'sitima. Achemwali awowo ndiwo ankakhala m'nyumba ino, ndipo tsiku lolowa anabzala duwa la rozi, kachitsamba kaminga kaja, kuti pakhale chinthu chimodzi chosanunkha utsi. Atamwalira, nyumba inapatsidwa kwa ife.

"Udzuwo chitani nawo zimene mukufuna," anatero, "koma ichi n'chokhacho chatsala cha achemwali anga."

Miyezi yonse yozizira ndinkasuzumira chitsa chija m'mawa uliwonse, mtima uli m'mwamba, ndipo tsiku limene chinaphuka ndinagogoda kwawo ndisanavale n'komwe nsapato. Anandiphunzitsa kudulira, ine ndinkawapatsa nkhwani wa m'kadimba kathu ka kuseri, ndipo ndi iwo anayamba kutipatsa moni pamsewu, ena n'kutsatira. Pamaliro awo ndinanyamula maluwa a chitsamba chomwechi.

Koma lero taonani. Makomo athiridwa simenti, galimoto zakhala pamene panali kapinga, mvula ikagwa madzi amasowa kolowera, ndipo kumtsinje uko akumanga mafulati opanda ndi kadothi komwe. Anthu athu adzaza, tchalitchi chathu chili pafupi, ndipo sindidandaula ayi, tauni imakula ndi anthu obwera, inenso ndine wobwera.

Ndikudziwa, Yamikani, umazungulira misewu itatu kufuna poimika galimoto, ana ali m'manja, ndipo zimandimvetsa chisoni. Koma simenti sithiridwa pano ine ndili moyo. Duwa ili ndinalitema kamodzi chifukwa cha umbuli, sindingalitemenso ndikudziwa mwini wake.

Ana inu, mukadzalowa malo atsopano, musanakweze khasu muzigogoda kaye kwa oyandikana nawo, mufunse kuti anabzala ndani. Tsopano tenga sizasi iyo, Yamikani, tituluke ndikakuonetse podulira, chifukwa manja angawa ayamba kunjenjemera.