Kamfuti ka Dzanja Lopindika

Pamzere wogula mfuti mumzinda wa Tulsa, mdala wina wachimimba ngati ng'oma anasuzumira kamfuti kamene Darlene anasankha.

"Mayi, ka twente-thuu? Tizipolopolo take n'toopsezera agologolo! Tengani mfuti yaikulu ya fote-faifi, chigawenga chikagwa sichidzukanso."

"Imeneyo ikalira imakankha, bambo. Dzanja langali silingathe."

"Aa, dzanja limazolowera! Akazi anga amawombera ndi limodzi, linalo akutakasa khofi. Auzeni amuna anu akuphunzitseni."

Darlene anapinda mkono wa juzi n'kuonetsa dzanja lopindika ngati chikwakwa.

"Anandiphunzitsa kale, maphunziro ake ndi amenewa. Akutuluka kundende Lachisanu."

Mdala uja anayang'ana pansi.

"Kalinso bwino kameneko, mayi. Kungoti kamafuna munthuyo akhale pafupi."

"Musadandaule, bambo. Amayandikira okha."