M'nyumba mwa Jestina Simusweka Kanthu

Ku Braunstone, kuno ku Leicester, aliyense amadziwa kuti m'nyumba mwa Mayi Jestina simusweka kanthu, ngakhale kasosala. Ndiye tangoganizani Lachitatu lina mayiwo akuchokera ku shifiti yosamalira okalamba, n'kupeza amuna awo, Bambo Absalom, atandandalika makapu onse m'mphepete mwenimweni mwa tebulo, iwo ali phee pampando ngati mphaka pa una wa mbewa.

"Bambo a Chiko, makapuwa akudikira basi?"

"Akudikira ngozi," anatero Absalom, osaphethira.

"Ngozi yanji?"

"Iliyonse. Mphepo, chitseko, kapena inuyo ndi chikwama chanucho. Dutsani momasuka."

Jestina anadutsa chammbali, uku akukankhira makapu pakati.

"Ndi zija za ku Japan zija eti?"

"Zomwezo. Intavyu ndi Lachisanu ku Loughborough. Bungwe lothandiza aluso lija likandisankha, lilipira ndege, pogona, zonse, ndikaphunzire kintsugi."

"Kumata mapale."

"Kulumikiza mbale zosweka ndi golide, mayi."

"Golide! Anzanu akuvala golide m'khosi pa Belgrave Road, inu mukampake pa phale?"

"Ndi luso la makolo awo. Koma mphunzitsi wakumeneko ali ndi lamulo. Wophunzira apite ndi mbale yosweka ya m'nyumba mwake, yokhala ndi mbiri, ndipo ikhale yosweka mwangozi. Lachisanu ndikafika chimanjamanja, basi zanga zada, ndibwerera ku weyahausi kukanyamula makatoni mpaka msana utathyokeratu."

"Mukawaonetse msanawo. Wasweka wokha."

"Anati mbale."

Absalom anaponya diso pa kabati ya magalasi. Pamwamba pake panali mbale yaikulu ya ku Dedza, imene malemu mayi ake a Jestina anawapatsa pa ukwati. Mbaleyi inabwera kuno itafungatidwa pamiyendo m'ndege kuchokera ku Lilongwe, ndipo chibwerereni palibe anadyeramo, ngakhale abusa.

"Diso limenelo libwerere kumene lachokera!" anatero Jestina. "Pitani pa shopu ya kaunjika, mugule kambale, mukakagwetse kuseri kwa bini."

"Kalibe mbiri."

"Mukapekere! Munene kuti ankadyeramo agogo anu."

"Agogo ankadyera ya chitsulo."

"Ndiye Mjapaniyo akafunsa ndani? Ali ndi nambala ya kumanda?"

"Ndine mkulu wa mpingo, mayi. Sindinama."

"Koma kutchera makapu anga msampha ndiye chikhristu?"

"Sindinagwetse ngakhale imodzi. Ndangowasendeza pafupi ndi mayesero."

Jestina anawomba m'manja kamodzi, n'kuyang'ana kudenga ngati kuli mboni kumeneko. Kenako anatola kapu yabuluu pakati pa tebulo.

"Chabwino. Nayi ya timu yanu, munagula chaka chija Leicester inatenga ligi. Mbiri ndi imeneyo. Tithane nazo!"

Anaiponya. Absalom, munthu wodandaula msana tsiku lililonse, anadumpha n'kuiwakha m'malere.

"Aaa, mayi! Mwaponya dala. Ya dala siwerengedwa."

"Nditsinzine?"

"Mutsinzina dala."

"Ndipunthwe?"

"Mwanena kale. Ngozi silengezedwa."

"Ambuye ndigwireni! Ndiye mukufuna ndichite chiyani?"

"Musamasamale kwambiri, basi. Ine ndayesetsa mbali yanga. Lamulungu lija ndinaitana mapasa a Tionge wa kutchalitchi, n'kuwamwetsa Fanta, n'kuwapatsa mpira m'chipinda chochezera muno. Inu mumangowakha chilichonse ngati goloboyi."

Jestina anayika chikwama pansi pang'onopang'ono.

"Mwati bwanji? Ana aja munawaitanira zimenezo? Ine n'kumauza Tionge kuti amuna anga ukalambawu ayamba kukonda ana!"

"Ndimawakonda. Kungoti alibe luso."

"Luso! Lero muona luso. Zonsezi ndikutsekera, kiyi ndizipita naye ku ntchito. Ku Japan mukapita kumaloto!"

Anawola makapu onse, kuwalonga m'kabati, n'kumenyetsa chitseko ndi mkwiyo wonse wa shifiti ya tsiku limenelo. Kabati inagwedezeka. Pamwamba paja mbale ya ku Dedza inapendekeka, n'kuima kaye ngati ikuganiza. Onse awiri anatambasula manja mochedwa.

Phwaa!

Jestina anagwada n'kuyamba kutola zidutswa, misozi ili chuchuchu. Kunena zoona, abale, zinali zomvetsa chisoni, chifukwa pa zinthu za mayi awo chinatsala ndi chokhacho.

Absalom anagwada pambali pawo, n'kukhosomola.

"Mayi a Chiko, pepani kwambiri. Koma ndifunse nawo. Munachita dala?"

"Dala? Mbale ya mayi anga?"

"Ndiye kuti ikuwerengedwa."

Jestina anawayang'ana ndi diso loti munthu wanzeru akanasamuka tsiku lomwelo. Absalom anayang'ana misozi ija, n'kugwetsa mapewa.

"Ayi, zisiyeni. Sindingakwere ndege pa misozi yanu. Za ku Japan ndazileka. Mawa ndikagula supagulu, ndimate bwinobwino, mzere wake osaoneka."

"Supagulu?"

"Wamphamvu uja. Ndinamatira nsapato."

"Mayi anga muwamate ndi zomatira nsapato?" Jestina anadzambatuka, kumasula chitenje m'chiuno, kuyala pansi, n'kuyamba kukulunga zidutswa chimodzichimodzi. "Mupita, bambo. Lachisanu muvale suti ija ya ukwati. Akakukanani, wa ku Japan muuyambe wapansi. Ndikufuna golide weniweni, osati wopaka!"

"Koma mwanena kuti ndikapita kumaloto."

"Dzukani!"

Anamanga mfundo ziwiri, n'kuwaika phukusilo m'manja, koma osalitaya msanga.

"Ndipo m'ndegemo muifungate pamiyendo ndi manja awiri," anatero Jestina, akupukuta misozi. "Ingasweke."