Mayi Bessie Simfukwe, Amene Ankatikumbutsa Kumwa Mankhwala

Malemu mayi athu, a Bessie Simfukwe, anabadwa pa 9 Juni 1983 m'mudzi muno, kuseri kwa Chisenga. Sukulu analekezera Fomu 2. Mu 2003 anakwatiwa ndi Bambo Rodwell, amene anatisiya mu 2011, atawasiyira ana awiri ndi kachilombo.

Mayi sanabise. Anaimirira m'tchalitchi n'kuulula, ndipo ena mwa inu amene mukulira mokweza lero munasiya kugula mandasi awo. Mu 2014 bungwe lina la zaumoyo linawalemba ntchito yolondola odwala amene asiya mankhwala. Anazungulira mapiri a Mafinga pa njinga yakapalasa, kugogoda m'makomo a anthu omwe ankawaseka aja. Ambiri muli pompano, onenepa bwino, chifukwa cha iwo.

Mu 2025 maboma akunja amene ankathandiza anati ndalama zawo zapeza ntchito ina yofunika kuposa ife. Bungwe linatseka, njinga anadzailanda, galimoto yobweretsa mankhwala kumidzi inaleka kubwera. Mankhwala anatsalira ku Boma, ndipo mayi wamasiye wopanda ntchito sakwera njinga yamoto mwezi ndi mwezi. Mwana wawo wamng'ono, Towera, anabadwa nako kachilomboko. Mankhwala a Towera atatha, Mayi anayamba kumupatsa awo, iwo n'kumangomwa madzi, osauza munthu. Nafe abale tinawaona akuonda, tinangoti ndi maganizo.

Chifuwa chinawagwira m'nyengo yozizira. Mwezi uno chinafika povuta, ndipo tinawanyamula pa machira kupita nawo kuchipatala. Anamwalira panjira Lachiwiri, pa 14 Okutobala 2025.

Asiya ana awiri, Clifford ndi Towera, komanso achemwali awo, Mayi Dailesi.

Tikuthokoza amayi a mpingo amene anasambitsa thupi, ndi anyamata amene akumba manda. Yewo chomene. Tikuthokoza akuluakulu amene afika pa magalimoto ndi nkhata zamaluwa. Taona lero kuti mafuta opitira kumaliro amapezeka. Tikuthokozanso abale ena, sitiwatchula maina, amene thupi lisanazizire anazembera kuseri kwa nyumba kudzafunsa ngati m'botolo la Mayi mwatsalako kanthu. Tikuyankheni pagulu: mwatsala mapiritsi ochepa. Ndi a Towera, ndipo samufikitsa kumapeto kwa mwezi uno.

Mzimu wa mayi athu uwuse mumtendere, ngati ungathe.